Miyala yagona panja: mbiri ya tindege ta drone ndi chisanu cha kwathu

Mu Julayi chaka chatha kunali ukwati wa msuweni wanga kumudzi kwathu, cha kufupi ndi Nsaru. Masiku ano ukwati wopanda kandege kojambula kuchokera kumwamba amati sunakome, ndiye akubanja adaitanitsa mnyamata wina wojambula kuchokera m'tauni. Adafika madzulo pa njinga yamoto, chikwama cha zipangizo n'kuchisiya pakhonde usiku wonse. M'mamawa, udzu uli chinyowere ndi mame, amayi akuwotha moto pafupi ndi migolo ya thobwa, mnyamata uja adati ayambe kujambula mudzi dzuwa likutuluka. Kandege kadanyamuka bwinobwino, ana n'kumakuwa. Patangopita mphindi zochepa kadayamba kulira modandaula, n'kukatera kokha m'dimba la mpiru kutsidya kwa dambo. Foni ya mwiniwake imaonetsa kuti batire latha, chonsecho adali atalitchaja n'kudzaza dzulo lake.

Anthu adayamba kunong'onezana. Ena amati alipo amene sakuufuna ukwatiwu. Agogo anga aamuna, omwe sadagwirepo drone chibadwire, adangoseka n'kumuuza mnyamatayo kuti: "Mwanawe, miyala yakoyo yagona panja. Kaiyanike padzuwa." Iye adachita manyazi, koma adamvera. Mabatire otsala adawaika m'thumba la jekete, ena pa chitsa poomba dzuwa. Pofika nthawi yoti akwati azituluka m'tchalitchi, kandege kadauluka mpaka mwambo wonse kutha.

Nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu. Agogo adadziwa bwanji? Yankho lake n'losavuta: kwa zaka makumi angapo akhala akuyanika padzuwa miyala ya wailesi yofooka kuti amvere nkhani za madzulo. Koma funso lomwe landivuta ndi lina. Dziko lathu lakhala bwalo loyeserera tindegeti kuyambira 2016, ndipo maiko akunja amatitchula ngati chitsanzo. Nanga bwanji mnyamata amene amadya za kandege sadadziwe chinthu chimene nkhalamba ya pamudzi imachidziwa? Kuti tiyankhe, tiyenera kubwerera kumbuyo pang'ono.

Ubongo wa kandege udachokera kuti

Kandege ka mapiko anayi ozungulira sikangakhazikike m'mwamba pakokha. Pakati pake pali kabolodi kakang'ono, kochepera chikhatho, kotchedwa flight controller. Pa kabolodiko pali tizipangizo tomva: gyroscope imamva kupendekeka ndi kuzungulira, accelerometer imamva kukankhika, barometer imayeza kulemera kwa mpweya kuti idziwe kutalika, ndipo GPS imanena pomwe kandege kali. Kabolodiko kamawerenga zonsezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kumauza mota iliyonse kuti ithamange kapena ichepetse. Woulutsa amangonena komwe akufuna kupita. Ntchito yoti kandege kasagwe ndi ya kabolodi.

Ambiri timaganiza kuti luso limeneli lidachokera kwa asilikali kapena ku makampani aakulu a ndege. Mbali ina n'zoona, koma tindege tomwe timationa m'maukwati tidabadwira m'zipinda za ophunzira ndi m'magalaja a anthu ochita zoseweretsa. Mu 2006 Frank Wang, yemwe adaphunzira ku Hong Kong University of Science and Technology, adayambitsa kampani ya DJI ku Shenzhen, ndipo malonda ake oyamba adali mabolodi owongolera kuuluka. Mu 2007 Chris Anderson, mkonzi wa magazini ya Wired ku America, adayesa kupanga chowongolera ndege ndi zidole za Lego pamodzi ndi ana ake, kenako n'kutsegula gulu la pa intaneti la DIY Drones. M'gululo mudatulukira Jordi Muñoz, mnyamata wa ku Mexico wopanda digiri, yemwe adachotsa tizipangizo tomva m'chogwirira cha masewera a Nintendo Wii n'kutiika pa kahelikopita koseweretsa. Mabolodi ake oyamba ankawawotcherera mu uvuni wa kukhitchini. Awiriwa adayambitsa 3D Robotics mu 2009, ndipo pa ntchito yawo padakula pulogalamu ya ArduPilot, yomwe aliyense angathe kuitenga kwaulere n'kuisintha. Ku Switzerland, wophunzira wina wa ku ETH Zurich, Lorenz Meier, adayamba ntchito ya Pixhawk mu 2008. Ku France, Alexandre Dubus adapanga MultiWii, nayenso pogwiritsa ntchito zamkati mwa Wii, ndipo mzere umenewo ndi womwe udabala Betaflight imene ochita mipikisano ya tindege amagwiritsa ntchito lero. Mu 2013 DJI idatulutsa Phantom, kandege kogula n'kuulutsa tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo munthu adatha kuulutsa drone osadziwa zomwe zili m'kati mwake.

Muone bwino mndandandawo. Ambiri mwa anthuwa adali a misinkhu yathu, ena ocheperapo. Chomwe adali nacho ndi mwayi wotsegula chinthu, kuchiwononga, n'kuchikonzanso.

Chisanu chimachita chiyani

Anthu amenewa ankakhala m'maiko momwe madzi amaundana m'nyengo yozizira, ndiye sadachedwe kukumana ndi vuto la mnyamata wa ku ukwati uja. Vuto loyamba ndi batire. Mabatire a tindege ndi a lithium, a mtundu womwe kampani ya Sony idayamba kugulitsa mu 1991. Chipinda chimodzi cha batire chikadzaza chimakhala ndi mavolti 4.2. M'kati mwake tizidutswa ta lithium timayenda m'timadzi tapadera kuchokera mbali ina kupita inzake. Kukazizira timadzito timalimbirako, ulendo umachedwa, ndipo batire limalephera kupereka mphamvu yambiri nthawi imodzi. Foni ikhoza kupirira chifukwa imamwa pang'onopang'ono. Kandege kamagugudiza. Mota zinayi zikakoka mphamvu mwadzidzidzi, mavolti amatsika, kabolodi kamaona ngati batire latha, ndipo kamatsitsa kandege pomwe kafikapo. Mphamvu imakhala ilimo, koma yakanika kutuluka. N'chifukwa chake opanga tindege amalangiza kuti batire lifunde kaye kufika cha m'ma digiri 20 munthu asanaulutse kozizira. Choopsa kwambiri ndi kutchaja batire lozizira kupyola poundanira madzi, pakuti lithium imamatirira pamwamba pa graphite m'malo molowa m'kati, ndipo batire limawonongekeratu, nthawi zina mpaka kudzagwira moto.

Vuto lachiwiri ndi tizipangizo tomva tija. M'kati mwa gyroscope muli kachinthu ka silicon kosaoneka ndi maso komwe kamanjenjemera. Kutentha kukasintha, muyeso wake umasunthanso. Mukayatsa kandege, kabolodi kamafuna kuti kakhale chete kwa masekondi angapo kuti kadziwe kuti kukhazikika ndi kuti. Koma ngati kabolodiko kadali kozizira poyatsa, kenako n'kufunda kali m'mwamba, muyeso uja umasokonekera, kandege n'kumayenda chammbali popanda wokatuma. Barometer nayo ikhoza kunamiza kutalika. Okonza Pixhawk adathana nazo mwa njira yomwe mayi aliyense woweta anapiye angaimvetse: m'mabolodi otchedwa Cube adaikamo kachotenthetsera kakang'ono kosunga tizipangizoto pa kutentha kumodzimodzi, cha m'ma digiri 45, kaya kunja kuzizire kaya kutenthe. DJI nayo idapanga mabatire odzifunditsa okha pa kandege kake ka Inspire 2 ka mu 2016.

Vuto lachitatu ndi chinyezi. Kabolodi kozizira kakakumana ndi mpweya wofunda wachinyontho kamachita thukuta ngati botolo lochokera m'filiji. Dontho limodzi pamalo olakwika limakwana kusokoneza magetsi.

Malire a nkhani imeneyi adakaonekera kutali kwambiri, ku Mars. Pa 19 Epulo 2021 kahelikopita ka NASA kotchedwa Ingenuity, kolemera makilogalamu 1.8, kadauluka koyamba pa dziko lina. Usiku kumeneko kumazizira mpaka madigiri 90 pansi pa ziro. M'kati mwake mudali purosesa ya Snapdragon 801, yofanana ndi ya m'mafoni, ndi mabatire asanu ndi limodzi a lithium a Sony. Gawo lalikulu la mphamvu yomwe kankatola padzuwa masana silinkapita ku kuuluka, linkapita ku kufunditsa mabatire ndi mabolodi usiku. Kadakonzedwa kuti kauluke kasanu, koma kadauluka maulendo 72 mpaka mu Januwale 2024. Mu 2022, nyengo yozizira itafika ndipo fumbi litaphimba dzuwa, mphamvu idachepa, kahelikopita kadazima usiku, ndipo chipangizo chimodzi choyezera kupendekeka chidafa. Akatswiri adasintha pulogalamu ali kuno pansi, kadaulukanso. Nzeru ya agogo ndi ya NASA ndi imodzi: miyala isagone panja.

Wina anena kuti kwathu kuno kulibe chisanu chotero, ndipo akunena zoona. Koma chigwa cha Lilongwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi m'bandakucha kumatsika kawirikawiri pansi pa madigiri 10. Amene adadutsapo pa Chitedze kapena Mpingu pa kabaza dzuwa lisanatuluke akudziwa. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetserekera m'madambo usiku, ndipo alimi a madimba amadziwa kuti zaka zina chisanu chimawaula tomato ndi nyemba. Kuzizira kotere sikupha kabolodi, koma kumakwana kufooketsa batire lomwe lakalamba kale, latchajidwa ndi magetsi othimathima, ndipo lagona pakhonde. Onjezanipo mame ndi mphepo ya mwera, kandege kagwa. Kenako mu Okutobala vuto limatembenuka: mpweya wotentha umapepuka, mapiko amavutika kunyamula, mota ndi mabolodi zimatentha mopyola. Buku lolembedwera ku Shenzhen kapena ku Zurich silingakuuzeni za m'mawa wa ku Kabudula. Zimenezo ziyenera kulembedwa ndi munthu wa kuno.

Momwe tindege tidafikira kwathu

Tindegeti sitidabwere ku Malawi chifukwa cha maukwati. Tidabwera chifukwa cha magazi a makanda. Mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi HIV sangayezedwe ndi kachipangizo kachangu ka akuluakulu. Amamutenga timadontho ta magazi, n'kutiumitsa pa kapepala, kapepalako n'kukatumiza ku labotale yaikulu. Pa nthawiyo bungwe la UNICEF lidanena kuti kapepalako kankatenga masiku pafupifupi 11 kuti kafike ku labotale, ndipo zotsatira zinkatha kuchedwa mpaka masabata asanu ndi atatu. Kwa khanda lofunika kuyamba mankhwala, masabata amenewo ndi moyo. Mu Malichi 2016 boma ndi UNICEF adayesa tindege ta kampani ya ku America ya Matternet mu mzinda wa Lilongwe, pa ulendo wa makilomita 10 kuchokera pa chipatala chaching'ono kupita ku labotale ya Kamuzu Central Hospital.

Mu Juni 2017 kudatsegulidwa dera loyeserera tindege pa ntchito zothandiza anthu ku Kasungu, loyamba la mtundu wake mu Africa. Limayambira pa bwalo la ndege la Kasungu n'kufika makilomita 40 mbali zonse. Makampani ndi mayunivesite akunja adayamba kubwera kudzayesa kunyamula mankhwala, kujambula madera ndi kufalitsa intaneti. Ofufuza za malungo adajambula madambo a ku Kasungu posaka madzi oswanirana udzudzu. Pambuyo pake Wingcopter ya ku Germany ndi Swoop Aero ya ku Australia zidanyamula mankhwala, katemera ndi magazi okayezedwa m'maboma angapo, kuphatikizapo kuchigwa cha Shire, ndipo tindege tidathandiza kujambula madera osefukira madzi.

Apa pali chinthu chimodzi chomwe chimandiseketsa. Katemera wambiri amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Batire limafuna madigiri 20. Ndiye kuti m'mimba mwa kandege kamodzi muli katundu wofuna kuzizira ndi katundu wofuna kufunda, motalikirana masentimita ochepa. Woyendetsa ntchito yotere ayenera kumvetsa kutentha ndi kuzizira kuposa kungodziwa kukankha timitengo ta rimoti.

Kwa ine, tsiku lalikulu m'mbiri yonseyi silija lotsegulira ndi nduna. Ndi la mu Novembala 2017, pamene ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi gulu la Kevin Kochersberger la ku Virginia Tech, adapanga ndi manja awo tindege totchedwa EcoSoar ku Kasungu. Thupi lake lidali la bolodi lopepuka la thovu, lofanana ndi lomatapo zithunzi, ndi tizidutswa tosindikizidwa ndi makina a 3D. Mtengo wake udali madola pafupifupi 350. Kamodzi mwa tindegeto kadauluka kokha makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kukafika pa bwalo la ndege la Kasungu. Ulendo umenewo udaonetsa kuti mwana wa kuno angathe kutsegula, kulumikiza ndi kukonza. Kuchokera pamenepo, mu Januwale 2020 kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe, ndi ophunzira 26 oyamba ochokera ku Malawi ndi maiko ena a mu Africa, ambiri mwa iwo atsikana, ndipo pambuyo pake maphunzirowa adafika ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo.

Zonsezi n'zoyamikika, ndipo sindikuzinyoza. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo akapita, kalumo kakabuntha, amanola ndani?

Phunziro la mjigo

Kuno kumadzulo kwa Lilongwe si koyamba kukhala malo oyeserera. Kuyambira 1968 boma, ndi ndalama za World Bank, lidayendetsa Lilongwe Land Development Programme m'madera athu ano. Kudabwera misewu, migula, misika, mijigo, ndi kulembetsa malo a banja pansi pa ndunda. Akuluakulu a ku Nsaru ndi kwa Kabudula amaikumbukira nthawi imeneyo. Amakumbukiranso zomwe zinkachitika mjigo ukawonongeka. Mijigo ya nthawi imeneyo inali yolemera, yofuna galimoto ndi amisiri a boma kuti atulutse mapaipi. Kachitsulo kamodzi kakatha, amayi ankabwerera ku chitsime cha kudambo mpaka amisiri adzafike.

Yankho lake lidayambira m'dziko mwathu muno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku Malawi kudapangidwa mjigo wotchedwa Maldev, womwe udapitirizidwa ku Kenya n'kukhala Afridev. Ganizo lake lidali losavuta: mjigo upangidwe moti anthu a pamudzi, ndi sipanala imodzi ndi kandodo kokokera, athe kusintha mphira yotha popanda kudikira wa kuboma. Lero Afridev ili pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo amayi a m'makomiti a mjigo amaitsegula okha. Mjigo sudapambane chifukwa unali wamakono kuposa ina. Udapambana chifukwa mwini wake amatha kuukonza.

Tindege tili pomwe mijigo inali isanabwere Afridev. Tambiri tomwe tili m'manja mwa ojambula ndi totsekeratu: batire lake n'la kampani yomweyo, pulogalamu yake siitseguka, kakagwa kamapita m'kabati. Tomwe timanyamula mankhwala timadalira ndalama za mabungwe, ndipo ndalama za mabungwe zili ndi tsiku lothera. Pomwe mabolodi a ArduPilot, PX4 ndi Betaflight ndi otseguka. Amasunga mbiri ya ulendo uliwonse, mavolti ake ndi kutentha kwake, moti wophunzira wa chaka chachiwiri angathe kuona pa kompyuta mphindi yeniyeni imene batire lidafooka.

Dothi la ku Kasiya

Chomaliza chili pansi pa mapazi athu. Ku Kasiya, kufupi ndi kwathu kuno, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idapeza miyala ya rutile yomwe imati ndi yochuluka kuposa kwina kulikonse pa dziko lapansi, pamodzi ndi graphite yambiri, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto idagulamo gawo. Graphite ndi chija chakuda cha m'kati mwa pensulo. Ndi chomwechonso chomwe chimapanga mbali imodzi ya batire la lithium, ija imene imawonongeka batire likatchajidwa kozizira. Rutile ndiye gwero la titanium, chitsulo chopepuka cha ndege. N'zotheka ndithu kuti tsiku lina dothi la minda ya agogo athu lidzapita kunja pa sitima, n'kubwerera lili batire lomata, lolembedwa kuti musatsegule, ife n'kuligula ndi madola omwe tilibe.

Sindikunena kuti mawa tiyambe kupanga mabatire ku Nambuma. Ndikunena zazing'ono zomwe tingathe. Sukulu zaluso monga Namitete Technical College zili pakati pa anyamata ndi atsikana omwe amakonza kale mafoni ndi ma solar pa msika uliwonse. Kulumikiza mota ndi kabolodi sikuposa pamenepo. Ife a m'mayunivesite tikhoza kusonkherana, kugula kabolodi kamodzi kotseguka, n'kumaulutsa m'mawa uliwonse wa Juni ndi masana aliwonse a Okutobala, kutali ndi bwalo la ndege la Kamuzu ndipo motsata malamulo a oona za ndege, n'kulemba zomwe tapeza m'Chichewa chomwe wojambula maukwati angawerenge pa foni yake. Chitedze yakhala ikulemba za nyengo ya kuno kwa zaka zambiri. Ziwerengero zilipo, zikusowa wozilumikiza ndi batire. Ndipo pamene boma likukambirana ndi a migodi kapena a tindege, pakati pa zomwe likupempha pakhale mabenchi, zipangizo ndi aphunzitsi, osati zithunzi za tsiku lotsegulira zokha.

Pakuti mtunda wochokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi kupita ku Kabudula, ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central sunafupike. Mvula ikagwa msewu wafumbi umakhalabe matope, ndipo khanda limadikirabe zotsatira. Tsiku lomwe kandege konyamula magazi kadzatere m'dimba la mpiru m'mawa wa Julayi, sipadzakhala kuseka ngati pa ukwati paja. Padzafunika munthu wa pafupi, wodziwa kutsegula.

Mnyamata wojambula uja ndidakumana nayenso m'tauni miyezi ingapo yapitayo. Adandiuza kuti masiku ano mabatire amagona m'nyumba, atakulungidwa m'chitenje, ndipo salola kuulutsa mame asanaume. Ndidamufunsa ngati akudziwa chifukwa chake. Adati ayi, koma agogo aja adanena. Ine ndikufuna kuti wobwera pambuyo pake adzadziwe zonse ziwiri: zomwe agogo adanena, ndi chifukwa chake.